Chala Changa pa Kagetsi Kofiira

Amayi anzanga, ndi inu atsikana mwakhala kumbuyoko, zikomo pondipatsa mpata. Ndiimirira ngakhale mawondowa sakufuna, chifukwa nkhani iyi sindingathe kuinena nditakhala pansi. Ambiri mumandidziwa kuti ndine Esitere wogulitsa usipa pamsika. Koma amene munakulira ku Senga Bay mukukumbuka dzina lina lija, Make Vidiyo. Dzina limenelo ndinkalinyadira kwambiri, koma lero ndikalimva ndimachita manyazi.

Mtsikana amene ndinamulakwira ndizimutchula kuti Tiyanjane. Si dzina lake. Ali moyo, ndipo akudziwa kuti lero ndaima pano. Chimene ndinamuwonongera ndi banja lake ndi ulemu wake, ndipo ndinamuwonongera ndi chala chimodzi, chala chachikulu cha kumanjachi.

Malemu abambo a Lonjezo, amuna anga, anabwerako ku Joni nthawi ija tinali titangovotera zipani zambiri. Anzawo ankabwera ndi njinga ndi mabulangete, iwo anabwera ndi kamera ya paphewa, wailesi yakanema, madeki awiri oikamo matepi ndi jenereta. Tinamanga shedi ya mphasa pafupi ndi mathandala oyanikapo nsomba. Ku nyanja vidiyo imayenda m'mawa. Alovi, anyamata okoka makoka aja, akatuluka m'madzi n'kugulitsa usipa, tulo sitibwera msanga, ndiye ankadzadza m'shedimo kuonera mafilimu a nkhonya, fungo la nsomba lili guu. Loweruka abambo ankapita kojambula maukwati. Sanadyerere nthawi yaitali, chifuwa chinawatenga. Ndinatsala ndi mwana mmodzi, Lonjezo, ndi katundu uja. Ndinaika kamera paphewa ndekha, anthu n'kumaseka kuti mzimayi wanji wonyamula chimakina, koma posachedwa omwewo ndi amene ankandiitana.

Inu atsikana simungadziwe mmene tinalili nthawi imeneyo. Tisanavote, munthu ukafuna kudandaula za mtengo wa shuga unkayamba wasuzumira kuseri kwa nyumba. Aliyense ankaopa khutu la mnzake. Ndiye pakamwa patangomasuka tinachita ngati tapenga. Kunatuluka timanyuzi tambirimbiri tolemba za kuchipinda kwa anthu, ndipo tinkalandirana mpaka pepala kung'ambika. Munthu ukamudzudzula pang'ono, yankho linali limodzi: ndi ufulu wanga. Ine ufuluwo ndinaumva mokhota. Ndinkati chilichonse chobisika n'choipa, chiyenera kuoneka. Ndiyenera kunena zoona, ndinabadwanso wokonda nkhani. Ndinali munthu woti ndikamva kanthu m'mawa, kakandifikitsa masana ndisanauze munthu ndinkadwala.

Kagwiridwe kanga ka ntchito kanali kotere. Ndikajambula ukwati, tepi yoyamba ija, imene ndinkaitcha make, ndinkasunga ine. Eni ake ndinkawakopera ina pa madeki awiri aja n'kuwapatsa. Iwo ankayesa kuti atenga zonse. Sindinkawauza, ndipo sankandifunsa, poti ndani ankadziwa kuti tepi imabereka? Ndiye filimu isanayambe ndinkaika ukwati wa sabata yatha. Anthu amakonda kudziona, amayi. Munthu ankalipira pakhomo kuti angodziona akuvina n'kugwetsa chipewa. Mmodzi kapena awiri anang'ung'udza, ine n'kuwayankha kuti asiye zachimidzi.

Chimene chinandikweza n'chakuti ndinali mkazi. Ndinkalowa m'malo amene mwamuna wa kamera sakanaponda. Ndipo n'chimene chinanditengera ku Lifuwu, ku chilangizo cha Tiyanjane.

Tiyanjane anali mwana wa alimi a mpunga, wofatsa, wa mawu apansipansi. Ankakwatiwa ndi dalaivala wa lole amene ankakhala ku Karonga. Kumeneko analibe mbale ngakhale mmodzi, chinenero cha kumeneko sankachidziwa. Azakhali ake ndi amene anaganiza kuti malangizo a anamkungwi ajambulidwe, kuti mwanayo akafika kutaliko, akasowa womufunsa, azikaika tepi n'kumva mawu a kwawo. Ganizo lake linali lachikondi. Namkungwi wamkulu anali a Nachisale, mayi wa bizinesi ya utaka, wamfupi, wolankhula ngati akudula ndi mpeni. Poyamba anakanitsitsa. Atawachonderera, anandiitanira pambali.

"Esitere, tamvera. Tepi imodzi, ya mwanayu, ilowe m'sutikesi mwake. Ndipo ndikati zimitsa, uzimitse."

"Musadandaule, amayi. Inenso ndine mzimayi."

"N'chifukwa chake ndakulola," anatero.

Tinalowa m'nyumba, chitseko n'kutsekedwa, pazenera n'kupachika chitenje. Mukudziwa zimene zimachitika mmenemo, sindifotokoza. Nyimbo zinaimbidwa, amayi akuluakulu anavula zakumtunda n'kumanga zitenje m'chiuno, anavina, anaseka, analangiza. Ine kamera ili paphewa. Kutsogolo kwa kamera ija kunali kagetsi kofiira, kakang'ono ngati njere ya mapira, kamene kankayaka ikamajambula. Amayi onse anali atakadziwa kagetsiko.

Kenaka a Nachisale anakhala pamphasa moyang'anana ndi mtsikanayo, mawu awo n'kutsika.

"Mwana wanga, pali chimene tiyenera kudziwa tisanakupereke? Muno muli amayi ako okhaokha."

Tiyanjane anawerama. Misozi inayamba kugwera pamiyendo. A Nachisale sanatembenuke n'komwe, anangoti, "Esitere, zimitsa."

Ndinati, "Chabwino."

Ndinatsitsa kamera n'kuikhazika pamiyendo, diso lake likuyang'anabe komweko. Ndipo m'malo mokanikiza batani, ndinaika chala pa kagetsi kaja. Basi. Mayi wina anasuzumira, anaona kuti sikakuyaka, n'kugwedeza mutu. Mukandifunsa kuti ndinachitiranji, ndilibe yankho labwino. Sindinkadana naye mwanayo. Sindinaganize zogulitsa. Ndinangomva kuti apa pakubwera nkhani, ndipo dzanja langa linakana kuitaya. Tiyanjane analankhula. Anamkungwi analira naye, anamupukuta, anamuuza mmene angakamuuzire mwamuna wake. Chala changa chinali pompo mpaka anamaliza.

Ndikuona ena mwatchera khutu kuti mumve chimene ananena. Simumva. Ndinachiulutsa kale kokwanira.

Pokopa tepi yake ndinadumpha gawo limenelo, ndipo anapita nayo ku Karonga yoyera bwino. Make ija ndinaiponya m'katoni pamodzi ndi anzake, ndipo inakhala mmenemo pafupifupi chaka.

Zotsatira ndizinena mofulumira, poti zinachitikanso mofulumira. Munthu wina anatsegula vidiyo yake kumsika, ya sikirini yaikulu ndi mabenchi otsamira. Alovi anasamukira komweko. Ine ndinayamba kumwa, poyamba botolo limodzi loti ndigone, kenaka kachasu wa m'kapu ndikadali pakhomo la shedi. Kuti anthu abwerere ndinayamba kuonetsa zimene mnzangayo analibe, za konkuno. Ndinkayenda ndi kamera kumathandala, amayi akayambana ndinkajambula. Bambo wina wa mumpingo atagwa ndi mowa m'ngalande ndinamujambula, sabata yonse shedi inadzaza. Anthu anayamba kuthawa akandiona, ine n'kumati akuchita nsanje. Ndinkadzitcha mtolankhani, pamene ndinali kazitape wachabechabe, wofanana ndi aja tinkawaopa kale.

Tsiku lina m'mawa anyamata anayamba kukuwa kuti zonsezo anaziona kale. Wina anati, "Make Vidiyo, paja mumalowa kwa anamkungwi. Tationetsani za amayi." Anzake anaombera m'manja. Ndinali nditamwa kale. Ndinati m'mtima, ndingowaonetsa kuvina kokha, ikafika paja ndizimitsa. Tamvani kupusa kwake, ngati kuti kuvinako kunali kwanga koti ndingaonetse amuna. Ndinaika tepi ija. Phokoso, mluzu, ena kukwera pamabenchi. Ndinatuluka kukathira mafuta mu jenereta, n'kukhala pamthunzi, tulo n'kundiba. Chimene chinandidzutsa si phokoso ayi. Linali bata. M'shedi monse munali zii, ndipo mawu amene ankamveka anali a Tiyanjane, apansipansi aja, akutuluka m'masipika.

Apa pokha ndikanatha kunena kuti inali ngozi ya mowa. Koma mawa lake anthu anachuluka kuposa tsiku lililonse, ndipo ndinaikanso. Mkuja wake kunabwera munthu wa vidiyo wa ku Salima kudzapempha kope, ndinamukopera. Wina wa ku Chipoka, ndinamukopera. Mnzanga wa kumsika uja, ndinamukoperanso, ndikusangalala kuti tsopano akundigwadira. Zimenezo ndinazichita maso ali gwa.

Tepi inayenda ndi malole a usipa. Mwamuna wa Tiyanjane anamuonera mkazi wake pa resitihausi ina ku Nkhotakota, ali pakati pa madalaivala anzake, akudya. Ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti bamboyo nkhaniyo ankaidziwa kale. Tiyanjane anali atamuuza yekha monga anamulangizira, ndipo iye anali atailandira, banja likuyenda bwino. Chimene chinamukanika n'kuyenda pamsewu aliyense akudziwa. Anzake ankamuimbira nyimbo za m'tepi muja akamadutsana. Alongo ake anaionera ku tauni n'kuyamba kumukalipira kuti achotse manyazi pamtundu. Anapirira miyezi ingapo, kenaka anamukweza Tiyanjane lole yomweyo n'kudzamutula ku Lifuwu ndi sutikesi yake ndi khanda kumsana.

Amalume ake a Tiyanjane anakandinenera kupolisi. Ananditenga, ndinagona m'selo. Kutacha anakhala nane pansi n'kuyamba kufunafuna mlandu wake. Wapolisi wina anawafunsa amalumewo kuti, "Bambo, mayiyu wakuberani chiyani? Kamera ndi yake, tepi ndi yake, m'nyumbamo munamulowetsa nokha." Bambo wachikulire uja ankadziwa kuti aberedwa, koma chobedwacho analibe dzina lake. Apolisiwo sindikuwanena, nthawi imeneyo zinthu zotere zinali zachilendo kwa aliyense. Anandidzudzula n'kundimasula. Ndipo ine, m'malo mopita kukagwa pamapazi a anthu, ndinatsikira ku Senga Bay n'kugulira anthu mowa, ndikukuwa kuti ndawina, boma lenilenilo landipeza wosalakwa. Pansi penipeni pa moyo wanga panali pamenepo, osati m'selo muja.

Kumpingo anandidula. Sindinasamale. Amayi anasiya kundiitana kumaukwati, ndinati asowa ndalama. Ndikalowa m'nyumba ya maliro, amayi amene ankacheza motsitsa ankangoti chete, ena n'kukonza zitenje zawo ngati mwalowa mwamuna. Ndikapita kumjigo, nkhani inkathera pomwepo. Zonsezi ndinkaziona, koma kachasu ankandithandiza kuziiwala pofika masana.

Chimene chinandigwetsa chinadzera kwa mwana wanga. Lonjezo anali atakwatiwa chapafupi pomwepo, ndipo anaima. Mimba yoyamba, mukudziwa, mtsikana amayenera kulangizidwa, ndipo mayi wake sangachite yekha zimenezo, amaitana akuluakulu. Ndinatumiza uthenga kwa anamkungwi. Ndinaphika thobwa, ndinasesa, ndinayala mphasa. Tsiku limenelo sindinamwe n'komwe. Lonjezo anakhala pakona atafunda chitenje chatsopano. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, palibe anagogoda. Ntchentche zinayamba kuzungulira ndowa ya thobwa. Mwana wanga ankangokanda mphasa ndi chikhadabo.

Ndinanyamuka mokwiya kupita kumathandala. Ndinawapeza a Nachisale akutembenuza utaka.

"Amayi, mwanayo wakulakwirani chiyani?"

"Mwanayo sanalakwe," anatero osasiya ntchito.

"Nanga bwanji simunabwere? Kamera ndaitsekera m'bokosi, mukhoza kudzaona nokha."

Apo anaima n'kundiyang'ana.

"Tsiku lija tinaonanso tokha, Esitere. Tinaona kuti kagetsi kazima."

Anapitiriza, osakweza mawu.

"Ukudziwa kuti chichokereni tepi yako atsikana sakutiuzanso kanthu? Timawafunsa kuti pali chimene tiyenera kudziwa, amayang'ana kudenga, amayang'ana pazenera, n'kuti palibe. Ena akupita m'mabanja ndi zinthu zoti tikanawathandiza. Ine mwini adzukulu anga anandiona ndili chivulire. Zanga ndi zazing'ono, ndakalamba. Koma m'nyumba mwako sindingatsegulemo pakamwa. Mwanayo umutumize kwathu mawa, yekha. Iwe usamuperekeze."

Lonjezo anapita. Anabwerako madzulo maso ali ofiira, zoonekeratu kuti walira kwambiri, kulira kwa munthu amene watula katundu. Ndinamupatsa madzi. Ndiye pakamwa pangapa, posaphunzira, ndinafunsa.

"Walira chiyani, mwana wanga? Pali vuto ndi mimbayo?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya.

"Amayi, inu sindingakuuzeni."

"Ine mayi ako?"

"Eee. Ndimakukondani, koma sindinakuuzenipo kanthu chiyambire ndili kusukulu. Ndikafuna kulankhula nanu ndimayamba ndaganiza kuti kodi izi zikamveka kumathandala ndingapirire. Zikakhala zoti sindingapirire, ndimasunga."

Anatenga kapu yake n'kukatsuka. Ine ndinakhala pakhonde pomwepo. Mwana amene ndinamubereka ndekha, mmodzi yekhayo, anali ndi vuto m'thupi mwake, ndipo anakalitula kwa mayi wa utaka chifukwa kwa ine kunali koopsa. Mpaka lero sindidziwa chimene chinamuliza tsiku limenelo, ndipo sindinafunsenso. Ndinaganiza za Tiyanjane, kwa nthawi yoyamba osati ngati nkhani koma ngati mwana wa munthu. Iye anachita zimene Lonjezo ankaopa kuchita. Anakhulupirira kuti m'nyumbamo muli amayi ake okhaokha, ndipo mmodzi wa amayiwo ndinali ine.

Kubwerera kwanga sikunali kwa tsiku limodzi, ndipo ndisakunamizeni kuti ndinangopemphera zonse n'kutha. Ndinayamba ndi kusiya mowa, poti ndikanapitiriza kumwa sindikanachita chilichonse. Ndinapita kwa mayi amene ankatcheza kachasu n'kumuuza pamaso pa makasitomala ake kuti ndikabweranso andithire madzi. Anandithiradi kawiri. Manja ankanjenjemera, ndinkasanza, ndinagwanso kangapo, koma Lonjezo ankabwera kudzandiphikira phala. Shedi ndinaigwetsa, jenereta ndi wailesi yakanema ndinagulitsa, n'kuyamba kuoda usipa.

Kenaka ndinatsegula katoni ija. Munali maukwati, zinkhoswe, maliro, ndewu za anthu. Ndinaganiza zongowotcha zonse, koma ndinaona kuti kumeneko n'kubisanso. Si zanga, ndiye sindingaziweruze ndekha. Ndinayenda khomo ndi khomo kubweza tepi iliyonse kwa mwini wake, n'kumuuza kuti, iyi ndinaisunga osakuuzani, ndipo mwina ndinaionetsa. Ena anaseka n'kulandira. Ena ananditukwana mpaka agalu kuuwa. Bambo wa m'ngalande uja anaiphwanya ndi mwala ndikuona, n'kundiuza kuti ndichoke pakhomo pake.

Ya Tiyanjane ndiyo inandiyendetsa. Ndinayamba ndi amene ndinawakopera ndekha. Aliyense ankati, tengani, koma ndinakoperakonso uje. Ndikapita kwa ujeyo, nayenso anali atakopera wina. Ndinakwera matola mpaka Chipoka, Nkhotakota, Dwangwa, ndikuchonderera anyamata a mavidiyo, ena n'kumandiseka, ena n'kumandigulitsa tepi yanga yomwe. Makope ena anali atafufuma chifukwa chokopedwakopedwa, nkhope zosaoneka bwino, koma mawu ankamveka ndithu. Nditatopa, ndinaika onse m'thumba la feteleza pamodzi ndi make ija n'kupita ku Lifuwu.

Inali nthawi yokolola. Ndinamupeza Tiyanjane kumunda akupuntha mpunga, dzuwa lili pamutu, mwana wake akusewera pamapesi. Anali ataonda. Atandiona anasiya ndodo. Ndinagwada m'matope ouma aja n'kukhuthula thumba patsogolo pake. Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa. Ndinangoti, "Ndine ndinachita. Anati ndizimitse, ine ndinabisa kagetsi ndi chala. Ndikhululukire."

Anayang'ana mulu uja. Anaukankha pang'ono ndi phazi.

"Ndi onse amenewa, amayi?"

Ndinafuna kunena kuti eee. Mulungu ndi mboni, bodza linafika pamilomo. Koma ndinati, "Sindikudziwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati ankayembekezera yankho lomwelo.

"Wotchani. Koma muwotchere uko, utsi ungalowe mumpunga."

Anatola ndodo yake n'kupitiriza kupuntha. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sananene kuti sanandikhululukire. Ndinawotcha matepi aja m'mphepete mwa ngalande, utsi wakuda wonunkha, ndikumva ndodo yake ikugunda kumbuyo kwanga.

Patapita zaka mpingo unandibwezera. A Nachisale asanamwalire anandilola kukhala pakhomo pa chilangizo china, kunja, kuyang'anira kuti ana asayandikire. Mkati sindinalowenso, ndipo sindinapemphe. Kamera ndinaigwirako pang'ono pa maukwati a achibale, koma ndinkayamba ndafunsa, ndikamaliza ndinkapereka tepi yeniyeniyo m'manja mwa mwini wake, ndipo wina akati zimitsa ndinkachotsa batire n'kuliika pamphasa aliyense akuona. Tiyanjane sanakwatiwenso. Analera mwana wake ndi mpunga. Tikakumana pamsika tinkapatsana moni, ndipo ndinkati basi, zinatha, nthawi yakwirira.

Chaka chathachi mdzukulu wanga, mwana wa Lonjezo, anabwera akuseka ndi foni m'manja. Anati, "Agogo, taonani zakale izi, akuti zinajambulidwa kwathu konkuno." Wina kwinakwake anapeza tepi yakale m'katundu wa munthu wina amene anamwalira, anaisamutsira pa kompyuta, anadula kagawo n'kukaponya pa intaneti. Chithunzi chinali chotuwa, chogwedera. Koma ndinazindikira mphasa ija, chitenje cha pazenera chija. Ndinazindikiranso kupendekeka kwake, poti kamera inali pamiyendo yanga. Pansi pake anthu anali atalemba ndemanga, ena akuseka, ena akufunsa kuti mayiyu ali kuti pano. Vidiyoyo inali itadutsa kale m'magulu a pa foni osawerengeka. Nthawi ya matepi ndinkadziwako kokwera matola. Apa ndikanakwera galimoto yopita kuti?

Ndinapita ku Lifuwu m'mawa mwake kuti akamve kwa ine. Ndinamupeza pakhonde akupeta, tsitsi litayamba imvi. Ndisanakhale n'komwe anati, "Ndaona kale, amayi. Wandionetsa ndi mwana wanga."

Mwana uja ankasewera pamapesi, pano ndi bambo wa ana ake. Nkhani imeneyi mayi ake anali asanamuuzepo. Anaimva pa foni, ali kuntchito.

Kenaka Tiyanjane anati, "Paja ndinakufunsani ngati anali onse."

Ndinalira ngati mwana. Iye sanalire. Anandisiya ndithe, n'kundipatsa madzi. Ndinamuuza kuti amayi a mumpingo akhala akundipempha kuti ndidzapereke umboni, ndipo sindingaime popanda iye kulola, poti nkhaniyi theka ndi yake. Anapeta kanthawi, n'kuyankha.

"Kaneneni. Dzina lanu mutchule, langa ayi. Ndipo zimene ndinanena m'nyumba muja zinali za amayi amene anali m'nyumba muja."

Ndiye ndabwera. Ndamva pa wailesi kuti masiku ano kuli malamulo oteteza zinsinsi za anthu pa mafoni ndi pa intaneti. Zimenezo n'zabwino, ndipo amene zakuchitikirani pitani mukadandaule, musachite manyazi, wolakwa si inu. Chobedwa chija chinapeza dzina. Koma lamulo limafika chithunzi chitayenda kale, ndipo silingalowe m'mutu mwa mwana wa Tiyanjane kukafufuta zimene anaona.

Ine kuti ndiwononge banja la munthu ndinafunika kamera ya ku Joni, madeki awiri ndi jenereta. Inu zonsezo zili m'kachikwama, ndipo mafoni anuwa alibenso kagetsi koti mubise. Ena muno muli ndi mawu amene mnzanu anakutumizirani akulira. Muli ndi chithunzi cha mlamu wanu ali m'chipatala, muli ndi kanema wa mtsikana wa pamudzi panu amene wina anakuponyerani, ndipo mukuti simunajambule ndinu, mwangotumizako kwa mnzanu mmodzi. Anyamata a mavidiyo aja ankateronso, aliyense anangokopera mmodzi. Ngati chilipo, chifufuteni lero musanafike kunyumba. Ngati munatumiza kale, pitani kwa mwini wake mukamuuze ndi pakamwa panu, asamve kwa ana ake. Ndipo ngati ndi mowa umene ukumasula dzanja lanu, ndipezeni tikatuluka, njira yake ndikuidziwa.

Ndatsala pang'ono kukhala pansi. Iwe mwana wanga wa bulauzi yachikasu, foni yako ndaiona kuyambira pamene ndinaimirira. Usachite mantha, sindikukalipira, ine wandijambula palibe kanthu, ndinabwera kudzaonekera. Koma amayi akhala kutsogolo kwakowo akhala akulira nthawi yonseyi, ndipo ali m'chithunzi chako. Sunawafunse.